Maliro a Sitima ya Bwana Belu

Ndinali pa dengu lachitatu la mapira pamene amuna anga a Langford anatulukira kumunda akuthamanga, chipewa chili m'manja. Iwowa sathamanga. Pa zaka naini za ntchito yawo ya ugadi wa nyama ndinawaonapo akuthamanga kamodzi kokha, ndipo kumbuyo kwawo kunali njati.

"Amake Judith, ikani mpeni pansi. Kwagwa zovuta kukampu."

Ndinayamba kuwerenga ana anga m'mutu, kenaka ana a anzanga.

"Ndani?"

"Malisitoni."

Ndinakhala kanthawi ndikufufuza kuti Malisitoni ndi mwana wa ndani. Kenaka ndinakumbuka.

"Sitima ija?"

"Aidula. Kalata yabwera ndi galimoto ya ku boma ku Fort Jameson. Anaigulitsa kwa anthu osungunula zitsulo, pano n'kuti ili zidutswazidutswa."

"Pepani," ndinatero, n'kuwerama kudula ngala ina.

"A Sajeni ayala kale masamba panjira."

Apo mpeni unaima wokha. Kwathu kuno masamba akayalidwa panjira ndiye kuti pamudzi pali maliro, ndipo palibe wogwira khasu kapena mpeni wa kumunda mpaka malemu ataikidwa.

Izi zinachitika mu Juni, chaka cha 1963. Tinkakhala pa kampu ya magadi m'mphepete mwa Luangwa, mabanja seveni. Tsidya linalo linali la nyama za boma, tsidya lino la anthu, kungoti nyamazo palibe amene anazifotokozera. Woyang'anira wathu anali mzungu wamtali wa khosi lofiira amene tinamutcha Bwana Belu. Pa nkhondo yaikulu ija anagwira ntchito m'sitima yankhondo ya panyanja, zazing'ono zaliwiro zija zimene iye ankati disitiroya. Ntchito yake inali kuperekeza sitima za katundu ndi kusaka zinzake zoyenda pansi pa madzi. Dzina lake inali Malisitoni. Chithunzi chake chinali pakhoma la ofesi, pamwamba pa chithunzi cha amayi ake omubala.

Munthuyu anatsika m'sitimamo thupi lokha. Pakhonde la ofesi anapachika belu lamkuwa, ndipo linkalira pa hafu awala iliyonse, ati ndi mmene amachitira panyanja. M'mawa uliwonse amuna athu, anthu a ndevu zawo, ankagwada kukwecha khondelo ndi mchenga ngati likuyandama. Ana athu anadziwa dzina la doko lililonse limene Malisitoni inakocheza asanadziwe njira ya kwa mfumu yathu Jumbe. Nyanja sitinaionepo ndi mmodzi yemwe, koma tinali titatopa nayo.

Tsono vuto langa linali ili. Chaka chimenecho chimanga chinapita ndi madzi a mu Febuluwale, ndipo chakudya chonse cha banja langa chinali chili chiimire m'munda wa mapira umenewo. Komanso panali njovu ya mnyanga umodzi imene inkatsika ndi mtsinje, kudya munda umodzi lero, wina mawa, mwadongosolo ngati munthu wa kalembera. Inali itatsala minda iwiri kuti ifike pa wanga. Ndinkafunika masiku folo okha.

"Sitima si munthu," ndinawauza a Langford.

"Kawauzeni a Sajeni zimenezo."

"Inuyo simungawauze?"

"Amake Judith, mukudziwa kuti mwezi wamawa akupereka mizere ya pamkono ya udindo wa kopolo. Mukufuna ndikhale ine woyamba kunena kuti malemu ndi chitsulo?"

Ndikanatha kuwasiya aime pomwepo ndi chipewa chawocho. Chinandinyamula si mzere wa pamkono ayi. Chaka chapitacho Maybin wanga anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka ziwiri. Bwana Belu anabwera, navula chipewa, nakhala padothi pamodzi ndi amuna mpaka kumanda. Matabwa a bokosi anachotsa pa shelefu ya mu ofesi yake. Maliro n'kulirana. Munthu amene anakukhalira pansi sumufunsa kuti akulira chiyani. Ndinavundikira dengu ndi mapesi, mpeni ndinasomeka pansanja, n'kuwatsatira.

Kukampu ndinapeza zonse zakonzedwa kale. Sajeni Abraham, mkulu wa magadi, ndiye anali mwini mwambo. Anali munthu woti bwana akayetsemula iye amayamba kufuna mankhwala a chimfine. Anali atakhazika amuna pansi pa mtengo wa mvunguti, akazi m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo chithunzi cha sitima anachiimika pampando pakati pathu, atachifunditsa nsalu yoyera kumunsi.

Mkazi wake, Rosemary, anali atayamba kale ntchito. Mayi ameneyu ali ndi mawu, zimenezo sindingamumane.

"Mayo ine, Malisitoni! Watisiyira yani! Unapita kutali osatsanzika!"

Ndinakhala pafupi naye. "Amake Dolly, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya inu. Mayo ineee! Mapira mwafika nawo pati?"

"Madengu atatu."

"Ine ndinamaliza dzana. Malisitoni weee!"

Ndiye mwaona. Wolira kwambiri anali amene nkhokwe yake inali yodzaza.

Madzulo Bwana Belu anatuluka mu ofesi, maso ali psuu. Ataona khamu lija anaima ngati wagundidwa. Anafunsa Sajeni kuti anthuwa akutani, ndipo Sajeni anaomba nsapato n'kuyankha kuti kampu yonse ikulira sitima ya bwana. Mzunguyo anapita kukatenga mpando, nakhala pakati pa amuna, nayamba kusimba za ulendo woyamba wa Malisitoni. Anasimba mpaka dzuwa kulowa.

Tsiku lachiwiri anasimba za ulendo wachiwiri.

Ine pakhomo la nyumba ija ndinkatha kuona kumunda. Munda weniweniwo ayi, koma thambo la pamwamba pake, ndipo pamenepo panali mtambo wa mbalame ukutsika ndi kukwera. Masana mkazi wa Cosmas, gadi mnzawo wa amuna anga, anapita kukatunga madzi n'kubwera akulira kulira kwina, kosakonzekera. Njovu inali itadutsa m'munda mwake. Unatsala umodzi, kenaka wanga.

Ndinaitana a Langford kuseri kwa nyumba.

"Tiika liti?"

"Kuika chiyani?"

"Ndi zimene ndikufunsazo. Thupi lili kuti?"

Anakanda m'mutu. "A Sajeni akuti tidikire mawu a mwini maliro."

"Mwini maliro akudziwa kuti tikudikira?"

"Ameneyo ndi mzungu wophunzira, amake Judith. Sangalephere kudziwa."

"Kamufunseni."

"Namfedwa safunsidwa kuti titha liti. Mukufuna anene kuti tatopa naye?"

"Tatopa naye."

"Tsitsani mawu!"

Tsiku lachitatu m'mawa bwana anabweretsa mapu. Anawayala pansi, n'kupsinja m'makona ndi nsapato za magadi, nayamba kulozera ndi ndodo njira ya ku Rasha. Amuna seveni a mfuti anali atazungulira pepala akugwedeza mitu, pamene njovu ya boma inali kumaliza munda wa Benson, woyandikana ndi wanga. Ndinazimva ndekha zimenezo. Mphepo inkachokera kumtsinje, ndipo mapesi akamathyoka ndi njovu salira ngati akuthyoka ndi mbuzi.

Ndinamanga chitenje n'kunyamuka. Rosemary anandigwira mwendo.

"Mukupita kuti? Kuli amuna uko."

"Ndawaona."

Ndinafika pamapu paja n'kugwada, chifukwa ulemu ndili nawo ngakhale ndilibe nthawi. Sajeni anandiyang'ana ngati ndalowa m'tchalitchi ndi nkhuku. A Langford anayamba kuwerenga zala za kumapazi awo.

"Mai Langford," anatero Bwana Belu. Chinyanja chake chinali cha m'buku, chowongoka ngati mzere wa asilikali. "Muli bwanji?"

"Ndili bwino pang'ono, bwana, kaya inu. Pepani ndi zovutazi."

"Zikomo. Anthu inu muli ndi mtima waukulu. Masiku atatu! Ine sindinaganize."

"Bwana, tikuika liti?"

Sajeni anatsokomola. "Mayi awa dzuwa lawapweteka, bwana."

"Dzuwa ndi langa, a Sajeni, ndinabadwa nalo. Bwana, kwathu kuno anthu akakhala pamaliro sachoka mpaka malemu ataikidwa. Sitingapite kumunda, sitingasinje, amuna awa sangapite kutchire. Tikudikira inu."

Mzunguyo anatembenukira kwa Sajeni, kenaka kwa ine. "Mukudikira ine? Ine ndinali kudikira inu! Ndinati si bwino kupitikitsa anthu amene ali kulira. Ndinati adzaleka okha."

Kumtsinje mvuu inaseka.

"Ndiye mukanasimba mpaka liti?" ndinafunsa.

"Ndinali pa chaka cha 1943," anatero motsitsa mawu. "Sitima inakhala zaka twente-wanu."

Ndinamva a Cosmas akubuula.

"Koma Mai Langford," anapitiriza, "palibe thupi. Anadula. Mwina tsopano ndi mapoto."

"Zimenezo si zachilendo. Ng'ona itatenga mchimwene wa gadi wathu uyu Remmy, sitinapeze ngakhale chala. Tinadula thunthu la nthochi, tinalikulunga mumphasa, tinaika. Anthu anabalalika tsiku lomwelo. Nthochi zilipo kuseri kwa nyumba yanga, ndipereka ndine."

Anaganiza nthawi yaitali. Ine ndikumvetsera mapesi.

"Ayi," anatero. "Munthu wa panyanja salowa m'dothi. Timamupereka kumadzi."

"Madzi si awo?" Ndinaloza Luangwa.

"Nthochi imayandama, bwana," anatero Sajeni, amene tsopano anali atabwerera kumbali yopambana. "Ine maganizo anga, amene ndakhala nawo kuyambira dzana, ndi akuti titenge bwato lija tinalanda kwa asodzi. Ndi sitimanso imeneyo."

Bwatolo linali kuseri kwa ofesi, la mtengo wa mbawa, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndikanakhala ine, likanakhala lili m'madzi teni koloko isanakwane. Koma ntchito inagwera amuna. Bwana anati malemu sangapite wopanda penti, ndiye anatulutsa chitini cha penti wotuwa. Kenaka anati pafunika nambala kumphuno. Sajeni anadula nsungwi folo kuti zikhale mfuti, a Cosmas anabweretsa chitini cha palafini kuti chikhale potulukira utsi, ndipo anakangana hafu awala ngati chitinicho chikhale pakati kapena chakumbuyo, mpaka anakatenga chithunzi. A Langford, amene denga la khitchini yanga lakhala likuwadikira mvula ziwiri, anasema kambendera ndi manja awo, lilime lili panja.

"Tsopano tidikire penti aume," anatero Sajeni.

"Akaumira m'madzi," ndinatero.

Inali thu koloko pamene analigubuduza pamitengo kupita nalo kugombe. Ife akazi tinatsatira tikuimba nyimbo ya kutchalitchi, Rosemary patsogolo. Pagombe bwana anatulutsa mapepala awiri amene analemba, napatsa a Langford kuti awerenge m'chinenero chathu, pakuti pamaliro pamafunika mbiri ya malemu. Amuna anga anakonza kukhosi katatu.

"Malemu Malisitoni anabadwa ku Sikotilandi m'chaka cha 1942. Anali ndi mfuti zikuluzikulu folo ndi anthu thu handiredi. Pa ulendo wawo woyamba injini inafa, ndipo anabwerera kudoko chokokedwa."

"Mayo ine," anatero Rosemary.

"Atachira, anaperekeza sitima za katundu kupita ku Rasha, kudzera nyanja yozizira kumene madzi amauma pamfuti, anthu n'kumawaswa ndi nyundo. Anapita kanayi, anabwera kanayi. M'chaka cha 1943 anawatumiza kunyanja yofunda, pafupi ndi dziko la Ataliyana. Kumeneko ndege inaponya bomba limene linachotsa mbali yonse ya kumbuyo."

Apa Bwana Belu anakweza dzanja, a Langford naleka. Mzunguyo anavula chipewa n'kuyamba kutchula mayina a amene anafa ndi bombalo, opanda pepala. Anali fotini. Ankatchula limodzi, n'kupuma, n'kutchula lina. Pa lachisanu ndi chinayi mawu anakana, ndipo anayang'ana kumadzi mpaka anabwerera. Dzinalo linali la mnyamata wa zaka eyitini amene ankamuphikira tiyi. Pamenepo Rosemary anali chete, ndipo amene anapukuta m'maso ndi chitenje ndinali ine. Ndinaganiza kuti mayi wa mnyamatayo nayenso sanapatsidwe ngakhale thunthu la nthochi. Tikanayambira pamenepa tsiku loyamba lija, bwenzi titalira zomveka n'kumwazikana.

A Langford anapitiriza. "Malemu anakhala kwa amisiri miyezi eyiti. Atatuluka, m'chaka cha 1944, kuli chifunga, anagunda sitima ya kwawo komwe imene inanyamula mbatata. Anakhalanso kwa amisiri miyezi itatu."

"Chifunga chinali chachikulu," anatero bwana. "Si ine ndinali pa chiwongolero."

"Chaka chomwecho malemu anamiza sitima ya adani yoyenda pansi pa madzi, ngakhale kuti sitima zina ziwiri zimanena kuti zinamiza ndizo, ndipo chimene chinaoneka pamwamba ndi mafuta ndi nsomba zakufa."

"Nsombazo anatola?" anafunsa mkazi wa Cosmas chonong'ona.

"M'chaka cha 1945 anawatumiza kukamenyana ndi Ajapani. Ulendo unali wautali. Atafika anapeza nkhondo inatha masiku naini apitawo. Anabwerera kwawo. Anamangidwa padoko zaka eyiti, akupakidwa penti chaka ndi chaka. Kenaka anaphunzitsa anyamata ntchito ya panyanja. Kenaka anamangidwanso padoko. Malemu asiya anzawo ambiri ndi chithunzi chimodzi."

Ndinawerengetsa m'mutu. Pa zaka twente-wanu, nkhondo anamenya zitatu, ndipo pafupifupi chimodzi mwa zitatuzo anali chigonere kwa amisiri. Zotsalazo anali kupakidwa penti. Ndinawayang'ana magadi athu, atandandalika pamzere, mabatani akuwala, mfuti zopukutidwa bwino, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake sitimayi anaikonda chotere.

Anakankhira bwato m'madzi. Bwana anaimika dzanja pachipumi, magadi nawonso. Tinadikira kuti limire.

Silinamire. Asodzi aja anali amisiri. Linayenda bwinobwino ndi nsungwi zake, kambendera ka amuna anga kakupepera, linazungulira kamodzi, n'kukakhala pamchenga wa pakati, pamene madzi amalekeza m'mawondo. Linakhala pamenepo likutiyang'ana.

Manja anayamba kutsika m'zipumi limodzilimodzi.

"Maliro akana," anatero Sajeni Abraham, mawu ali pansi ngati m'busa. "Abale, izi si zamasewera. Malemu akakana kulowa ndiye kuti pali chimene sanakondwe nacho. Tibwerere tikakhale pansi. Mawa titume munthu kwa Jumbe akaitane akuluakulu, adzatiunikire."

"Kwa Jumbe ndi ulendo wa masiku awiri," ndinatero.

"Mwambo sauthamangira, amake Judith."

"Mwina ndi chitini chija," anatero a Cosmas. "Ndinanena ine kuti chikhale pakati."

Bwana Belu sankamva zimenezi. Nkhope yake inali itawala ngati mwana. "Taonani!" anatero. "Sanamire! Ajeremani analephera, Ataliyana analephera. Nthawi zonse anali wotero!"

Kumtunda, mbali ya kuminda, mtengo unathyoka. Ndinaudziwa mtengowo. Unali msikizi wa m'malire a munda wanga ndi wa Benson.

Nkhwangwa imene anadulira mitengo yogubuduzira bwato inali pamchenga. Ndinaitola, ndinakwinya chitenje, n'kutenga beseni limene Rosemary anabweretsera madzi osamba m'manja.

"Atate ake Judith, imani apo ndi mfutiyo. Mukaona ng'ona, kumbukirani kuti mfutiyo ili ndi kachitsulo kokoka."

"Amake Judith, mukutichititsa manyazi!"

"Manyazi tidzaphika mu Okutobala?"

"Mayi, bwererani!" anakuwa Sajeni. "Mkazi salowa m'manda!"

"Ndiye lowani inu."

Anayang'ana madziwo, nayang'ana nsapato zake za boma. Sanasunthe.

Madzi a mu Juni amaluma. Ndinafika pabwato penti akadali wamuwisi, n'kundimata m'mikono monse. Ndinatema pansi pake, pamene panali kale mng'alu wa dzuwa. Mbawa ndi mtengo wouma mutu, koma ine ndawaza nkhuni za mopane kuyambira ndili mtsikana. Pa ulendo wa twelofu madzi anatumphuka. Ndinatunga mchenga ndi beseni, kuthira, kutunga, kuthira, chifukwa mtengo ngakhale uuboole umafuna cholemera. Kenaka ndinaika phewa kumbuyo kwake n'kulikankhira kumene madzi amada.

Linayenda pang'ono, mphuno inatsika, nsungwi zinayandama n'kupita zokha. Chitini cha palafini chinatulutsa thovu kawiri. Basi.

Nditatembenuka ndinapeza onse aimikanso manja pachipumi. Bwana misozi ili chuchuchu. Rosemary anayambitsa nyimbo, koma mochedwa, chifukwa maso ake anali pa beseni lake.

Nditatuluka m'madzi mzunguyo anandigwira dzanja ndi manja awiri, penti ndi penti.

"Mai Langford, anapita bwino. Mphuno patsogolo, monga sitima yeniyeni. Ine sindidzaiwala." Anatembenuka. "Sajeni, mwambo wonse unakonza bwino kwambiri. Ndidzalemba ku Fort Jameson."

"Ndi ntchito yathu, bwana," anatero Sajeni.

"Bwana," ndinatero, "taika?"

"Taika."

"A Sajeni, mwamva? Taika?"

"Kwatsala kusesa ndi kumeta, mawa m'mawa..."

"Mumetane. Bwana, m'munda mwanga muli njovu yanu."

"Njovu? Bwanji simunanene?"

A Langford anali akundipempha ndi maso.

"Kuombera njovu kufuna chilolezo cha ku boma," anatero bwana. "Ndidzalemba lero. Yankho lidzabwera ndi galimoto ya mwezi wamawa. Koma Langford apite, aombe m'mwamba."

Sindinadikire kuti amalize. Ndinadutsa pakampu, ndinakankha masamba aja ndi phazi kuwachotsa panjira, n'kuyamba kuthamanga, chitenje chonyowa chikundimenya m'miyendo.

Njovuyo ndinaipeza ili pakati pa mbali ya kumunsi, ikuzula mapesi asanuasanu, kuwakutumula dothi pabondo, n'kuponya m'kamwa mosafulumira. Inandiyang'ana ngati ndine ndalowa m'munda mwake. Ndinakwera pansanja, ndinatenga debe ndi chitsulo, n'kuyamba kuomba ndi kutukwana. Ndinaitukwana iyo, amake, boma limene linailemba m'buku, ndi nyanja zonse zozizira ndi zofunda. Inamvetsera kwa kanthawi. A Langford atafika, wefuwefu, anaomba kamodzi m'mwamba, ndipo inatembenuka n'kumapita kumtsinje pang'onopang'ono, phesi lili kukamwa.

Ndinatsika kukayendera. Mbali ya kumunsi yonse inali bwalo. Madengu atatu amene ndinavundikira aja anyani anali atawapeza. Kumtunda mbalame zinali zitapepula ngala zambiri, kungosiya mankhusu. Zotsala zikanatifikitsa mwina mu Disembala, tikamadya kamodzi ndi kusaitana alendo.

"Ibweranso," anatero a Langford.

"Ndikudziwa."

"Koma amake Judith, kambendera kaja munakaona? Mpaka pomaliza kanali chiimire."

Ndinasolola mpeni pansanja paja. Unalipo wina wobuntha m'thumba, ndinawapatsa.

"Ine ndili pa ntchito ya ulonda," anatero, akuloza mfuti.

"Ikolekeni pamsana. Manja atsala awiri."

Anayang'ana mpeniwo, nayang'ana ine, navula jekete la boma n'kulipinda bwinobwino pamwamba pa chitsa. Tinayambira kumalire a kumunsi, kumene njovu ikabwera idzayambire. Penti anali atauma m'zala zanga, mpeni sunkagwirika bwino, ndipo dzuwa linali litatsala mkono umodzi kuti likhudze mitengo ya tsidya. Iwo ankadula ngala imodzi ine ndikadula zinayi.

"Dengu lina lili kuti?" anafunsa.

"Dzazani limenelo kaye."